Eti gitala ndi masamu ndi pachibale? Ndikuyankheni mayi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, akuti mwana wawo wa Fomu 3 masamu sakumuyendera olo pang'ono koma gitala ku kwaya amayikwapula koopsa, nde aphunzitsi ena anawauza kuti nyimbo ndi masamu ndi pachibale. Akufunsa ngati zili zoona kapena amangowatonthoza.

Mayi, ndi zoona ndithu, ndipo musachite kumvera ine, kabwerekeni tepi kwa atelala muyeze nokha. Yezani waya kuchokera kumutu komwe wagona mpaka pa kamlatho ka pamimba paja, magitala ambiri mupeza masentimita 65 kapena chapompo. Kenako werengani tizitsulo topingasa pakhosi tija, ma fret, mpaka ka nambala 12. Kali pakati penipeni. Mwana akadina pamenepo watsala ndi theka la waya, nde umanjenjemera mowirikiza kawiri, liwu nkutuluka lomwe lija koma lokwera, do wam'munsi ndi do wam'mwamba. Liwu lotchedwa A lomwe oimba amachunira zida limanjenjemera ka 440 pa sekondi, A wam'mwamba wake ka 880. Pa fret 7 pamatsala magawo awiri mwa atatu, uyo ndi so, 3 kwa 2, nchifukwa chake do ndi so zimakoma kuimbira limodzi. Agiriki amati anatulukira zimenezi ndi Pythagoras wa ku Samos, zaka zoposa 2,500 zapitazo, yemwe uja wa ma triangle amene akumusowetsa tulo mwana wanuyo.

Koma pomwe pamandisangalatsa ine ndi poti masamuwo pena amakana. Mukamakwera kuchoka pa do kupita pa so, kenako so wa so uja, choncho mpaka ka 12, mumayenera kubwerera pa do, koma do wokwera m'mwamba ka 7. Tengani kakyuleta muone, 3 kwa 2 uja ndi 1.5, ndipo 1.5 kuchulukitsa yekhayekha ka 12 akupereka 129.7, pomwe kuwirikiza 2 ka 7 kukupereka 128, sizikukumana, ndipo kampata kameneka kanawavuta anthu a ku Ulaya kwa zaka mazana mpaka anangogwirizana zogawa mtunda wa do ndi do m'masitepe 12 ofanana, lililonse kuchulukitsa ndi 1.059. Ndiye kuti so wa pa kiyibodi ya kutchalitchi kwanu ndi wotsika pang'onong'ono, khutu limangomukhululukira. Nambala yomweyo ndi imene imachititsa kuti ma fret azipanikizana mukamatsikira kumimba.

Ine izi ndinaziphunzira mowawa. Ndili mwana ndinakhoma banjo ya chigubu cha oyilo, mawaya a buleki ya njinga, nkuika ma fret motalikirana mofanana bwinobwino ndi rula, ndikudziona ngati katswiri. Kulira kwake ngati mphaka wapondedwa mchira! Mnzanga wina amene analekezera sitandade 5 ankangosuntha kawaya uku akumvetsera mpaka pakome, yake inkalira bwino, za 1.059 asanazimvepo.

Nde apa ndisakunamizeni mayi, kudziwa kuimba pakokha sikumukhozetsa MSCE, khutu ndi cholembera ndi ntchito ziwiri. Koma gitalayo musamulande. Madzulo ano mpatseni tepi, mumuuze kuti fa amakhala pomwe patsala magawo atatu mwa anayi a waya, awerengere yekha papepala kuti ndi masentimita angati, kenako akayeze pa fret 5 aone ngati zikugwirizana.