Mwafunsa za ntchito yokonza makina ku kwale, ndiye ndiyankhe

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mnyamata amene wangomaliza maphunziro a umakaniki. Akuti amuitana kukagwira ntchito yokonza makina pamalo ophwanyira miyala ndi kusefa mchenga, koma anzake akuti ndi ntchito yafumbi yopanda tsogolo, bola galaja ya magalimoto. Achimwene, imelo yanuyi ndaiwerenga katatu, chifukwa mawu omwewa anandiuzanso ine ndikuyamba.

Miyezi itatu yoyamba sindinagwire sipanala ngakhale kamodzi. Kapitawo anangondipatsa pampu ya girizi, akuti ziyenda m'mbali mwa malamba onyamula miyala, zimvetsera, ukamva chachilendo ubwere udzanene. Zinandiwawa kwambiri, munthu ndi pepala langa la kusukulu kumangozungulira tsiku lonse ngati mlonda. Ndiye tsiku lina ndinamva rola imodzi pansi pa lamba ikulira kuti tswii tswii, ndinati aaa kanthu kakang'ono aka ndidzanena mawa. Usiku womwewo inagwira, inasiya kuzungulira, lamba n'kumangoikhula mpaka chitsulo chinadyeka n'kukhala chakuthwa ngati mpeni, kenako chinang'amba lambayo kutalika kwake. Makina anaima masiku awiri, malole ali ndandanda panja, madalaivala akukalipa. Palibe anandilalatira, koma ine ndinkadziwa kuti ndinaimva rola ija.

Kuyambira pamenepo ndimakangana ndi aliyense amene amati makaniki wabwino ndi amene amakonza msanga chikawonongeka. Ayi ndithu. Wabwino ndi amene waona kuti beringi yayamba kutentha, kuti bawuti ya pa sefa yakhwefuka, kuti lamba wayamba kuthawira mbali imodzi, n'kuimitsa makina kwa theka la ola zinthu zisanafike poipa. Ngakhale girizi yemweyu, ukapopera wambiri beringi imatenthanso, ambiri sadziwa.

Ndipo makinawa ndi osangalatsa ukawamvetsa. Jaw crusher, chija chimayamba kutafuna mwala waukulu, anachipanga Eli Whitney Blake ku America mu 1858 ndipo mpaka lero kagwiridwe kake ndi komweko, nsagwada ina ili chiimire ina ikukankha. Kumbuyo kwake kuli chitsulo chotchedwa toggle plate, anachipanga dala kuti chizithyoka pakalowa chinthu chosaphwanyika monga dzino la excavator, makina okumba aja, kuti shafiti ndi felemu zipulumuke. Ndinaonapo wina atachiwotcherera kuti chilimbe, ndinakwiya zedi, kuli ngati kuchotsa fyuzi n'kuikapo msomali. Zitsulo zimene zimagundana ndi mwala ndi za manganizi, zija anatulukira Robert Hadfield mu 1882, zikamamenyedwa pamwamba pake m'pamene pamalimba, komabe zimatha ndipo kuzisintha ndi ntchito yanu, kenako muyeze mpata wa pansi kuti mwala uzituluka saizi yoyenera usanapite ku cone crusher, makina otsatira amene amauphwanyanso kuti uchepe.

Pali china chimene sindingachisiye. Mnzanga wina anafuna kuchotsa matope pa pule, gudumu la kumapeto kwa lamba limene lambayo amazungulirapo, makina akuyenda, fosholo inakodwa, mkono n'kutsatira. Ali moyo koma ntchito imeneyi sanabwererenso. Ndiye ndikuuzeni, musanalowetse dzanja paliponse zimitsani magetsi, ikani loko yanuyanu pa switchi, kiyi m'thumba mwanu, yesani batani kuti muone kuti sizikuyakadi. Bwana akakufulumizitsani kuti malole akudikira, adikire. Za fumbi anzanu aja sakunama. Fumbi la mwala ngati granite lili ndi silika, limakhazikika m'mapapo n'kuyambitsa matenda a silicosis amene alibe mankhwala ochiza, ndipo amadzaonekera patapita zaka munthu utaiwala kale. Phokosonso, likamapitirira madesibelo 85 tsiku lonse makutu amayamba kufa pang'onopang'ono, pomwe pafupi ndi crusher timachita kukuwa kuti timvane.

Ndiye mupite kapena ayi?

Pitani. Pamalo amodzi mudzaphunzira kuwotcherera, ma hydraulic, magiyabokosi, mapampu, mamota a magetsi, ndipo luso limeneli likufunidwa ku migodi, ku mafakitale a simenti ndi ku makampani omanga misewu. Mukapeza mpata onjezerani maphunziro a zamagetsi chifukwa makina atsopano amayendetsedwa ndi kompyuta. Koma musanasaine, pemphani akuyendetseni pamalopo, muone ngati amawaza madzi pa fumbi, ngati mapule ali ndi zotchingira, ngati amapereka masiki enieni osefa fumbi ndi zotseka m'makutu, ngati makaniki aliyense ali ndi loko yake. Akayamba kuzemba mafunso amenewa musasaine. Mukayamba mundilembere, ndikufuna kudziwa crusher imene ali nayo.