Anga analinso ku Sake

Mayi, ndawerenga zoti bambo a kwanu awasankha kupita ku Congo mtima wanga wachita kuti phwii. Anga anali ku Sake, kufupi ndi Goma, m'gulu la asilikali a SADC lomwe linayamba kupita mu Disembala 2023 pamodzi ndi a ku South Africa ndi Tanzania. Ankaimba Lamlungu lililonse, mpaka Januwale 2025.

Tsiku limenelo ndinali pamoto, mthiko uli m'manja, wailesi n'kunena kuti asilikali atatu a Malawi aphedwa pomenyana ndi zigawenga za M23. Maina ayi. Atatu basi. Nsima inapserera ndikuyang'ana. Ndikaimba foni, siikupezeka. Pa WhatsApp mavidiyo ali mbwee, ine n'kumakulitsa chithunzi chilichonse ndi zala, kufufuza chipsera cha pachibwano chawo pa mitembo ya ana a eni. Mwana wanga wamng'ono akufunsa, "Amama, adadi aimba liti?" Masiku 11 osagona. Pa 27 Januwale Goma n'kugwa, bwalo la ndege n'kutsekedwa.

Ndiye mlamu wanga, mchimwene wawo weniweni, akubwera tsiku lachinayi. Osafunsa ngati ana adya. Akuti, "Alamu, khadi la kubanki likusungidwa ndi ndani? Zinthu zikavuta tisamadzakangane." Munthu sanamveke n'komwe kuti wafa! Mpaka lero akabwera ndimamuikira madzi, koma pamkeka umodzi sitikhala.

Enanso ondiwawa ndi akuluakulu a masuti aja. Mu Disembala 2024 msonkhano wa mtendere wa ku Luanda, wa atsogoleri a Congo ndi Rwanda, unalephereka, nkhondo n'kukula. Pa 8 Febuluwale 2025 anakumana ku Dar es Salaam, kujambulitsa, kubalalika. Pa 13 Malichi SADC inati ntchito yatha, ife tinavina, kuyesa mawa akutera ku Lilongwe. Kaya! Amuna athu ali m'kampu, M23 yawazungulira, chakudya chochita kupempha chilolezo kuti chilowe. Anayamba kutuluka kumapeto kwa Epulo, pamsewu, kudzera ku Rwanda komweko kumene ankati kukuthandiza M23, mpaka ku Tanzania. Anga anafika ataonda, chitseko chikamenyetseka amadzidzimuka.

Koma musawaletse, mayi. Msilikali saletsedwa, ndipo kunena zoona malata a nyumba ndikukhalayi anachokera ku ndalama ya mishoni yomweyo. Asanakwere ndege mukhale pansi, alembe papepala za khadi, za ana, za puloti, ankhoswe a mbali zonse ziwiri asaine. Magulu a WhatsApp mutulukemo, amadwalitsa. Komabe limodzi la azimayi a kubalaki musatuluke, poti ine uthenga woti ali moyo unandipeza momwemo, 3 koloko usiku, pa foni ya mnzawo.