Musanagule galimoto ya bizinesi, dziwani mtengo wa kilomita imodzi

Anthu akangogulitsa fodya ndi mbatata, makalata ambiri amene ndimalandira amakhala a magalimoto. Sabata ino ndasankhapo anayi.

Bambo a ku Dómuè, m'boma la Angónia, alemba kuti: "Ndasonkhanitsa 900,000 meticais (MT) za fodya ndi kachewere. Ndatopa kulipira eni malole kuti andinyamulire katundu kupita kumsika wa Kwachena ku Tete. Ndikufuna Canter kapena Dyna ya matani atatu. Ndiitanitse ku Japan kapena ndigule konkuno? Ndalama ikachepa ndikufuna kukongola kubanki."

Bambo, ndalama imeneyo mwaikhetsera thukuta, choncho ndisayankhe mothamanga. Tisanakambe za Japan, dzifunseni kuti loleyo idzayenda masiku angati pachaka. Kachewere wanu ali ndi nyengo yake. Miyezi inayo lole ikangokhala pabwalo, seguro (inshuwalansi) ikutha, batire likufa, matayala akuuma ndi dzuwa, dalaivala akuyembekezabe malipiro. Lole imapindula ikakhala ndi katundu popita ndi pobwera. Potsika munyamule mbatata yanu ndi ya anzanu, kabichi, soya, chimanga. Pokwera mubwere ndi simenti, malata, mchere, feteleza, kapenta ndi chicoa, nsomba youma ya ku Cahora Bassa. Ngati lero simungatchule mayina a anthu asanu amene angakupatseni katundu wobwera naye kuchokera ku Tete, yambani mwawapeza, lole mugule pambuyo. Eni malole ambiri amene ndawaona akugwa sadagwe ndi injini, adagwa ndi maulendo obwerera opanda kanthu.

Tsopano tengani kope. Kuchokera ku Ulongué, likulu la boma la Angónia, kudzera ku Mussacama mpaka kumzinda wa Tete ndi makilomita opitirira 200. Tiyerekeze kuti ulendo wonse, kupita ndi kubwera, ndi 450. Tiyerekezenso kuti lole itasenza ikuyenda makilomita 6 pa lita, ndipo dizilo mukugula 90 MT pa lita. Ndiye kuti malita 75, ndalama yake 6,750 MT. Matayala asanu ndi limodzi, tinene 9,000 MT lililonse, akakhala makilomita 40,000 ndiye kuti ulendo umodzi ukudyako pafupifupi 600 MT. Onjezani oyilo ndi mafyuluta, ndalama za pa portagem (zipata zolipira pamsewu), chakudya ndi malipiro a dalaivala ndi womuthandiza, okweza ndi otsitsa matumba, kagawo ka seguro ndi inspecção (kuyezetsa galimoto), komanso kangachepe koika padera tsiku lomwe klatchi idzathe. Manambalawa ndi ongoyerekezera, inu muikepo a lero. Mukaphatikiza zonse gawani ndi 450, mupeza mtengo wa kilomita imodzi. Ndalama zonse za ulendowo muzigawenso ndi matumba amene lole inganyamule, muyerekeze ndi zomwe mumalipira eni malole pa thumba. Kusiyana kwake kukakhala kochepa, pitirizani kubwereka lole za eni, ndalama yanu muiike m'mbewu ndi mthirira. Si manyazi ayi.

Masamu akakuvomerani, ndiye tikambe kogula.

Mtengo umene mukuuona pa intaneti pansi pa chithunzi cha lole kawirikawiri ndi wa galimoto ili padoko ku Japan. Pamwamba pake pali sitima, zolipira padoko lomwe yatsikira, kaya ndi Beira, Maputo kapena Durban, msonkho wa Alfândega (kasitomu), IVA (msonkho wa pa zogula) yomwe kuyambira mu Januwale 2023 ili pa 16 pa 100 iliyonse, msonkho wina wapadera wotchedwa ICE pa mitundu ina ya magalimoto, malipiro a despachante (woombola katundu ku Alfândega), nambala ndi livrete (chikalata cha galimoto) ku INATRO, bungwe la boma loona za magalimoto, ndi mafuta oti ifike nawo kwanu. Musatumize ngakhale dola imodzi despachante wovomerezeka asanakulembereni papepala ndalama zonsezi. Mukhale ndi NUIT, nambala yanu ya msonkho, ndipo ndalama idutse kubanki kupita ku akaunti ya kampani, osati ya munthu amene mwadziwana naye pa Facebook. Ubwino woitanitsa ndi woti mumaona pepala la kumsika wa ku Japan, pamene chilembo R chimatanthauza kuti galimoto idachitapo ngozi n'kukonzedwa, komanso chikalata chotulutsira galimoto m'dzikomo chimasonyeza makilomita amene adalembedwa pomwe ankaiyeza. Amene abweza manambala a makilomita m'mbuyo amagwidwa pamenepo.

Yogula konkuno ubwino wake mumaiona ndi maso, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Penti yatsopano ndi mipando yochapidwa musaziwerengere. Panganani kuti mukaione m'mamawa, ndipo mukafika gwirani injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda, mwini wake wailiza inu musanafike kuti musamve m'mene imavutira kudzuka. Ilizeni yozizira, muone utsi: wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo, woyera wosatha injini itatentha ndiye kuti mwina madzi akulowa momwe sayenera kulowa. Tsegulani pothirira oyilo, mukapeza zoyera ngati chambiko pachitsekerero, isiyeni. Gonani pansi ndi tochi muyang'ane chasesi ngati idawotchereredwapo. Makaniko mubwere naye wanu, womulipira inu. Muikweze katundu muyende nayo pamtunda, chifukwa lole yopanda kanthu pamsewu wosalala iliyonse imaoneka yamphamvu.

Kenako mapepala. Nambala yosindikizidwa pachasesi ifanane ndi ya pa livrete chilembo ndi chilembo. Dzina la pa título de propriedade, chikalata cha umwini, likhale la amene akukugulitsaniyo, ndipo mupite naye limodzi ku Conservatória, ofesi yolembetsera umwini wa magalimoto, kukasintha dzinalo. Mawu oti "mwini wake ali ku Joni, mapepala abwera" ataya anthu ambiri.

Za injini, kwa munthu wa ku Dómuè ine ndimakonda zakale zopanda kompyuta, monga 4D33 ya Canter, chifukwa amakaniko a ku Ulongué amazidziwa ndipo zipangizo zake sizisowa. Malole atsopano a ku Japan ali ndi sefa ya utsi yotchedwa DPF ndi mainjekitala oyendetsedwa ndi kompyuta. Amamwa pang'ono, inde, koma akadwala mankhwala ake ali kutali ndipo ndi odula.

Ngongole ndikukaniza. M'chaka cha 2023 chiwongoladzanja chomwe mabanki athu amayambirapo chidapitirira 20 pa 100, ndipo mlimi samubwereketsa pamlingo woyambirawo, amamuonjezera. Banki imafuna zake mwezi ndi mwezi, ngakhale mu Febuluwale misewu ya kumudzi itaterera lole ili chiimire. Ndikadakhala inu ndikadafuna galimoto yokwana 700,000 MT ndi mapepala omwe, ngakhale ikhale ya matani awiri, 200,000 MT yotsalayo ikhale ya matayala, sevisi yoyamba ndi dizilo wa maulendo oyamba.

Achimwene ena a ku Moatize, amene ali ndi chapa (minibasi) ya Hiace pamsewu wa Tete ndi Zóbuè, afunsa kuti: "Matayala atsopano akudula, ndiye ndimagula akaunjika pa theka la mtengo. Mizere imakhala ilipo yambiri, koma sachedwa kuphulika. Vuto ndi dalaivala kapena matayala?"

Achimwene, nkhani iyi imandiwawa, chifukwa m'chapa mumakhala amayi ndi ana, ndipo tayala lakutsogolo likaphulika pamsewu wanuwo wa N7 galimoto itadzaza, palibe dalaivala angalonjeze kuti aigwira.

Mizere si zonse. Tayala limakalamba ngakhale lisakuyenda. Yang'anani m'mbali mwake pamene alemba DOT, mupeza manambala anayi kumapeto. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka: 2319 ndiye kuti lidapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala lopitirira zaka zisanu liyenera kuyang'anitsitsidwa, ndipo lofika zaka khumi opanga matayala eni ake amati lichotsedwe ngakhale lioneke labwino. Lipindeni pang'ono ndi dzanja muone timing'alu m'mbali ndi pakati pa mizere. Pisani dzanja m'kati mumve zigamba. Lomwe lili ndi chotupa m'mbali ndiye kuti nsalu zake zam'kati zidaduka, limenelo si la pamsewu.

Chachiwiri, ambiri mwa matayala akaunjika, ndi ena obwera pamagalimoto a ku Japan, adapangidwira nyengo ya chisanu. Mudzawadziwa ndi mawu oti STUDLESS, kapena kachizindikiro ka phiri, ndi timizere ting'onoting'ono tokhotakhota tambirimbiri. Labala wake ndi wofewa dala kuti azigwira pamadzi oundana. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, phula n'kumatentha koposa pamenepo. Tayala lotere limatha msanga ndipo mabuleki sagwira bwino nalo. N'chifukwa chake mumaliona lili ndi mizere yakuya koma mtengo wake wotsika.

Chachitatu, Hiace imafuna tayala la katundu, lomwe nambala yake imathera ndi C, monga 195R15C kapena 195R14C malinga ndi limu yanu, lolembedwa 8PR, chizindikiro cha kulimba kwake. Tayala la galimoto yaing'ono likhoza kulowa palimu yomweyo, koma silidapangidwire kulemera kwa anthu odzaza chapa ndi matumba awo.

Dalaivala naye ali ndi mbali yake. Mpweya uyezedwe m'mawa matayala ali ozizira, ndi geji, osati pomenya ndi chitsulo. Mlingo wake uli pakapepala komatidwa pakhomo la dalaivala. Tayala lochepa mpweya limapindika kwambiri poyenda, limatentha, kenako limaphulika. Ena amaphwetsako mpweya masana poti dzuwa lawotcha tayala lafufuma. Aletseni, chifukwa akatero mawa m'mawa limakhala loperewera. Tayala likamatha mbali imodzi, musalimbane nalo, kawongoletseni mawilo ndipo aonenso mashoko ndi mabushi. M'mizere muli timabampu tosonyeza mamilimita 1.6. Mizere ikafanana nato tayala latha, koma pa chapa nyengo ya mvula musadikire kufika pamenepo.

Pa ndalama, chitani zomwe ndawauza bambo a ku Dómuè. Lembani tsiku ndi makilomita pomwe tayala lamangidwa ndi pomwe lachotsedwa, mugawe mtengo ndi makilomitawo. Tayala la theka la mtengo lomwe layenda gawo limodzi mwa magawo atatu a ulendo wa latsopano lakudyerani zambiri, tisanawerengere tsiku lomwe chapa yagona panjira okwera akubwezeredwa ndalama. Ngati anayi atsopano simungathe kamodzi, gulani awiriawiri amtundu umodzi, ndipo tsiku lililonse pandalama ya chapa muzipatulako ya matayala, muiike pa M-Pesa kapena e-Mola pa nambala yomwe simugulira ndiwo.

Mayi a golosale ku Furancungo, m'boma la Macanga, akuti: "Ndili ndi Probox ya petulo yopikulira katundu. Alamu anga akuti ndisinthe ndigule ya dizilo. Komanso ndikakhala kumidzi ndimathira mafuta a m'mabotolo. Ndikulakwa?"

Mayi, Probox yanuyo isungeni. Dizilo amabweza ndalama kwa amene akuyenda mitunda italiitali tsiku ndi tsiku ndi katundu wolemera. Kwa inu amene mumapikula kangapo pamwezi, zomwe mungapulumutse pa lita zidzathera pamtengo wogulira ndi pa sevisi, poti pampu ndi mainjekitala a dizilo zikaonongeka zimadula kuposa za petulo. Chofunika n'kusaisenzetsa ngati lole. Kumbuyo kukakhala pansi mpaka matayala kubisala, masipuling'i ndi matayala ndiwo akulipira.

Za m'mabotolo sindikunyoza ogulitsa, amathandiza kumene bomba, malo othirira mafuta, ili kutali. Koma inu simudziwa chigubu chomwe mafutawo adagonamo, kaya mudalowa madzi ndi fumbi, kaya adasakanizidwa, kaya botololo ndi lita yeniyeni. Kwa a dizilo n'koopsa koposa, chifukwa ena amathiramo parafini, yemwe alibe mafuta otereretsa pampu, ndipo injini za masiku ano monga 2KD ya Hilux ndi Hiace sizichedwa kuonongeka naye. Mitengo ya pabomba amaika ndi a ARENE, bungwe la boma loona za mafuta ndi magetsi, ndipo kwathu kuno imakwererako poyerekeza ndi ya ku Beira chifukwa cha mtunda womwe matanki amayenda, koma wa m'botolo amaonjezeranso phindu lake pamwamba. Dzazani thanki pabomba musanalowe kumidzi. Mukafuna osungira, akhale m'chigubu chachitsulo chotseka bwino, ndipo chisagone m'golosale kapena m'nyumba momwe muli mbaula. Mukakakamizika kugula a m'botolo, aunikeni padzuwa: madzi amakhala pansi ngati kamzere kosiyana. Thirani posefa ndi kansalu koyera.

Kuti mudziwe m'mene galimoto yanu ikumwera, dzazani thanki, lembani makilomita, yendani, mudzazenso pabomba yomweyo, mugawe makilomita ndi malita. Nambalayo ikayamba kutsika, yambani mwaona fyuluta ya mpweya, poti fumbi la misewu ya ku Macanga limaitseka msanga. Timabotolo tamankhwala tomwe amati timachepetsa kumwa mafuta musatayirepo ndalama.

Mnyamata wa ku Calómuè, pamalire ndi Malawi, wafunsa ngati angagule Vitz ya nambala ya ku Malawi yomwe akumutsatsa motchipa ku Dedza.

Mphwanga, galimoto ya nambala yakunja imalowa m'dziko muno ndi chilolezo cha masiku owerengeka, cha mlendo. Iwe wokhala kuno ukafuna kukhala nayo uyenera kuilipirira msonkho ku Alfândega n'kuilembetsa nambala ya Mozambique, apo ayi tsiku lina idzagwidwa pamsewu ndalama yako n'kupita. Jambula mapepala ake onse ndi nambala ya chasesi, upite nazo kwa despachante akuwerengere msonkho, uphatikize ndi mtengo wa ku Dedza, kenako ufunse mtengo wa Vitz ya chaka chomwecho yokhala kale ndi livrete ku Ulongué kapena ku Tete.