Mwana wanga anapulumuka mfuti pa yunivesite ku America, koma sakugona

Funso: Mwana wanga wamwamuna ali m'chaka chachiwiri pa yunivesite ina kum'mawa kwa America. Masabata atatu apitawa munthu wina analowa pasukulupo ndi mfuti n'kupha anthu. Mwanayu sanavulale, koma anabisala pansi pa tebulo m'kalasi kwa maola angapo. Pano sakupita m'kalasi, akuti chitseko chikangomenyeka mtima umagunda kwambiri, ndipo akufuna kubwerera kumudzi. Bambo ake akuti alimbe mtima poti ndi mwamuna, komanso tinagulitsa zambiri kuti apite. Ine ndathedwa nzeru. Titani? Mayi wa ku Zomba.

Yankho: Pepani kwambiri, mayi. Tayambani mwayang'ana pa foni yanu nthawi imene mwanayu amakuimbirani. Kum'mawa kwa America nthawi imatsalira ndi maola 6 kapena 7 poyerekeza ndi kuno. Ngati foni ikulira 9 koloko m'mawa inu mukuchapa, kumeneko ndi 2 kapena 3 koloko usiku, ndiye kuti mwana ali maso yekhayekha m'chipinda anzake ali m'tulo. Chipolopolo sichinamukhudze, koma maganizo ake akadali pansi pa tebulo lija.

Kudzidzimuka, maloto oipa, kusowa tulo ndi kuopa malo amene zinachitikira zimagwira anthu ambiri m'masabata oyamba, amuna ndi akazi omwe. Kwa ambiri zimachepa pang'onopang'ono. Zikapitirira mwezi osasintha, madokotala amayamba kuganizira za PTSD, matenda a m'maganizo obwera munthu akaona zoopsa, ndipo chithandizo chake chilipo. Bambo ake ndikuwamvetsa, munda kapena ng'ombe sizigulitsidwa mwamasewera. Koma mawu oti "limba, ndiwe mwamuna" amangotseka mwana pakamwa. Adzasiya kukuuzani, ululu uli pomwepo.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ndi pamene ophunzira ochokera kunja amadzipweteka okha. Mwanayu asangosiya makalasi mwakachetechete, ndiponso asangogula tikiti n'kukwera ndege. Ambiri amakhala pa viza ya ophunzira yotchedwa F-1, imene imafuna kuti wophunzira azitenga maphunziro okwanira, pa digiri yoyamba makirediti (muyezo wa kuchuluka kwa maphunziro amene akutenga) osachepera 12 pa semesita. Akachepetsa popanda chilolezo, chilolezo chake chokhalira m'dzikomo chikhoza kuthetsedwa, vuto limodzi n'kubala lachiwiri. Koma malamulo omwewo anasiya khomo. Wophunzira amene akudwala, kuphatikizapo matenda a m'maganizo, akhoza kuloledwa kuchepetsa maphunziro kapena kupumiratu kwa nthawi yosapitirira miyezi 12 pa digiri imodzi, viza yake osaonongeka. Chofunika ndi kalata ya dokotala kapena ya katswiri wa zamaganizo wovomerezeka, komanso chilolezo cha mkulu wina wa mu ofesi ya ophunzira ochokera kunja, amene amamutcha DSO. Chilolezocho chiyambe chaperekedwa, kenako achotse maphunziro. Akayamba ndi kuchotsa, zimavuta kukonza.

Choncho mawa lomweli apite malo awiri: ku ofesi imeneyo, ndi ku ofesi ya alangizi a zamaganizo. Pa mayunivesite ambiri kumeneko, kuonana ndi mlangizi kunalipiridwa kale m'fizi. Ana athu amaopa kuti akapita kwa mlangizi nkhaniyo ifika kwa a zolowa ndi kutuluka m'dziko, kapena kwa amene akuwalipirira sukulu. Muuzeni kuti zokambirana za m'chipindamo n'zachinsinsi, pokhapokha moyo wake kapena wa munthu wina ukakhala pangozi. Ngati akuopa kupita yekha, mnzake amuperekeze mpaka pakhomo.

Afunsenso zimene sukulu yakonza pa nkhani ya magiredi. Munthu wina atapha ophunzira atatu ndi kuvulaza asanu pa Michigan State University pa 13 February 2023, makalasi anaimitsidwa sabata imeneyo, ophunzira analoledwa kusankha kuti phunziro lingolembedwa kuti akhoza m'malo mwa giredi, ndipo nyumba ya Berkey Hall, m'mene ena mwa ophunzirawo anawomberedwa, sinagwiritsidwenso ntchito pa makalasi mpaka January 2024. Sukulu iliyonse imachita zake, koma wophunzira amene wadzitsekera m'chipinda osatsegula imelo amaphonya mwayi wotere masiku ake n'kudutsa.

Inu mukaimba foni ku yunivesite musadabwe akakukanizani nkhani za mwana wanu. Lamulo la FERPA limapereka ufulu pa zolembedwa za wophunzira kwa mwini wakeyo akafika ku yunivesite. Kwa ife zimamveka ngati mwano, koma njira yake ndi yosavuta: mwanayo asaine fomu yolola kuti azilankhula nanu.

Za chitetezo, sindingakulonjezeni kuti pali sukulu imene mfuti singalowe. Koma pali zinthu zimene mungazifufuze nokha. Kuyambira 1990 lamulo la Clery Act, lotchedwa dzina la Jeanne Clery amene anaphedwa m'chipinda chake pa Lehigh University mu 1986, limakakamiza mayunivesite olandira ndalama za boma kutulutsa lipoti la zachitetezo pofika 1 October chaka chilichonse, loonetsa milandu ya zaka zitatu zapitazo. Limapezeka pa intaneti, dzina lake Annual Security Report. Pa yunivesite ya Virginia Tech, pa 16 April 2007, anthu awiri oyamba anaphedwa m'hositelo cha m'ma 7:15 m'mawa, koma uthenga wochenjeza unatumizidwa 9:26, ndipo tsikulo anthu 32 anaphedwa. Chaka chotsatira lamulo lija linawonjezeredwa kuti masukulu azichenjeza anthu mwamsanga pakagwa ngozi. Machenjezowo amabwera pa foni, ndiye funsani mwana wanu ngati nambala imene akugwiritsa ntchito ku America ndi imene inalembetsedwa. Afunsenso ngati zitseko za makalasi ake zimakiyika m'kati. Kudziwa zinthu zazing'ono ngati zimenezi kumabwezera munthu mphamvu pang'ono.

Akaonana ndi alangizi n'kuona kuti kupuma kunyumba n'kumene kungamuthandize, mulandireni ndi manja awiri, ndipo bambo ake asamuyang'ane ngati wolephera. Kungoti achoke ndi chilolezo, adziwe kuti akakhala kunja kwa America miyezi yopitirira 5 nthawi zambiri pamafunika fomu ya I-20 yatsopano (chikalata chimene sukulu imapereka chotsimikiza kuti ndi wophunzira wake), ndipo ngati ali pa sikolashipu atenge kalata yotsimikiza kuti malo ake asungidwa.

Akaimbanso, musayambe ndi za mayeso. Mufunseni ngati wadya, ngati wagona, ndi amene wacheza naye tsikulo. Ndipo mufunseni mosapita m'mbali ngati amaganizako zodzipha. Kufunsa sikuika maganizowo mwa munthu, kumangomupatsa mpata wonena. Akavomera, aimbe kapena kutumiza uthenga pa 988, nambala yaulere imene imayankhidwa usana ndi usiku m'dziko lonse la America, kapena 911 ngati ngozi ili pafupi. Inuyo tengani lero nambala ya mnzake mmodzi amene angathe kukagogoda pachitseko chake inu muli ku Zomba.