Kwa asisi ofunsa za juzi yathonje yotakasuka ija

Asisi, mwafunsa ngati juzi yathonje yaikulu dala ija, imene atsikana akuvala ndi jinzi masiku ano, ikuyenera K950 imene mwaiona m'sitolo. Mwanenanso kuti mukuifunira chisanu cha Juni ndi Julayi, poti mumalawirira kukadikira minibasi. Ngati cholinga n'chimenecho, ndalama yanu isungeni. Kukongola ndi yokongoladi, koma thonje silitha chisanu cha kuno.

Lusaka ili pamalo okwera, pafupifupi mamita 1,300 pamwamba pa nyanja, n'chifukwa chake m'mawa wa Julayi kumazizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 10. Ndipo chimene chimatiluma pa siteshoni ndi kamphepo kaja. Ubweya wa nkhosa umafunditsa chifukwa ulusi wake ndi wopotanapotana, umatsekera mpweya wofunda pakati. Thonje limalola mpweya kudutsa, n'chifukwa chake timalikonda mu Okutobala. Tsono muwonjezerepo kuti juziyo ndi yotakasuka: mphepo imalowera kunsi, imalowera m'mikono, imalowanso m'timabowo ta malukidwe. Mudzati muvale jekete pamwamba, koma jekete pa juzi yaikulu chotere sililowa bwino, nsalu imangounjikana m'khwapa ndipo manja amalephera kupindika.

Ili ndi nthawi yake, ndisainamizire. Mu Meyi, kumapeto kwa Ogasiti, madzulo mvula ikakata, kapena mu ofesi ya makina oziziritsa, juzi yathonje imaposa yaubweya. Siyabwa pakhosi, ndipo dzuwa likakwera cha m'ma 10 koloko simuyamba kuyang'ana poivulira. Ngati muli kale ndi jekete lochindikala ndipo mukungofuna chotchenera, pamenepo tingakambirane. Koma ngakhale apo, musatulutse ndalama musanaigwire ndi manja.

Yambani ndi kansalu kolembedwa kamene kamasokedwa m'kati, cha m'mbali kumunsi. Majuzi ambiri amene ogulitsa amawatchula kuti ndi athonje amakhala osakaniza ndi acrylic kapena polyester. Kusakaniza pang'ono si tchimo, kumathandiza kuti juzi isatayike maonekedwe, koma ngati acrylic ndiye wochuluka, simukuyenera kulipira mtengo wa thonje, ndipo posachedwa mudzaona timibulu m'khwapa ndi m'mbali mmene chikwama chimakhudza. Kenako ikwezeni moyang'anitsa ku getsi. Ngati kuwala kukudutsa paliponse, ulusi anaumira. Kokani pang'ono mphepete mwa mkono ndi pakhosi, musiye. Pakabwerera msanga ndiye kuti anaika ulusi wotamuka. Pakatsala poyasama, dziwani kuti pakutha mwezi khosi lidzakhala likugwera paphewa. Thonje palokha likatamuka silibwerera, ndipo juzi yaikulu ndi yolemera, imadzikoka yokha. Apa m'pamene ambiri amalirira ndalama zawo. Itembenuzeninso muone msoko wa paphewa ndi wa m'mbali, ngati pali ulusi wolendewera kapena msoko wokhota, ibwezeni pamalo pake.

Za kuchapa ndiye muziganizire bwino, chifukwa juzi imeneyi imafuna ulemu. Madzi otentha amaifupikitsa, makamaka pochapa koyamba. Kuifinya mopotokola kumaipinditsa. Kuiyanika pachingwe ili yonyowa ndiye kuipha kumene: thonje limamwa madzi ambiri, kulemera konse kumatsikira pansi, ndipo mudzaianula itafika m'mawondo, paphewa pali nyanga za mapegi. Imafunika kuchapa ndi madzi ozizira, kuikulunga m'thawulo kuti madzi achepe, n'kuiyala pamalo osalala pamthunzi. Mu Julayi ingatenge tsiku lonse kapena kupitirira isanaume. Posunga muziipinda, osaikoleka pa hang'ala. Ngati kunyumba zovala amachapa ndi ana kapena wantchito amene amaphatikiza zonse m'beseni limodzi, yambani mwawauza.

Mtundu nawonso ndi nkhani. Imene ikuoneka bwino pa Instagram ndi yoyera kapena yotuwira ngati mkaka, koma kuno kuli fumbi la Ogasiti, komanso madzi a m'zitsime zathu ali ndi laimu wambiri chifukwa mzindawu unakhala pa miyala ya laimu. Sopo sachita thovu bwino, ndipo zoyera zimayamba kuthimbirira ndi kuuma gwa. Yakuda nayo imasuluka ikamayanikidwa padzuwa. Yotuwa kapena yakhaki imapirira.

Kunena za mtengowo, musaganize kuti K950 yonse ndi ya nsalu. M'menemo muli lendi ya sitolo, thiransipoti yochokera kunja, msonkho wa pamalire ndi VAT ya 16 peresenti. Chimandiwawa n'chakuti thonje timalima tokha ku Chipata, Katete ndi Petauke, koma lambiri limatuluka m'dziko atangolichotsa njere, n'kubwerera ngati chovala chodula. Fakitale yopanga nsalu ya Kafue Textiles inatseka kalekale, inzake ya Mulungushi Textiles ya ku Kabwe inaimitsa ntchito mu 2007. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Chimene mungachite ndi kuwerengera: mukaivala ka 20 pachaka kwa zaka ziwiri, ndiye kuti kuvala kamodzi kukudyerani pafupifupi K24. Zimenezo n'zomveka. Koma ikatamuka chaka choyamba, kapena fashoni ikasintha n'kuyamba kuoneka ngati yobwereka kwa amalume, masamuwo asokonekera.

Ine ndikanakhala inu ndikanayamba pa salaula, ku Soweto kapena ku City Market, makamaka m'mawa pamene angotsegula belo. Majuzi ochokera kumayiko ozizira amakhala olukidwa mothinana, ndipo poti anachapidwapo kale, kufupika ndi kutamuka kwake kunachitika kale, chimene mukuona ndi chimene mutenge. Pa ndalama imene mwakonzayo mukhoza kupeza yaubweya ya chisanu chenicheni ndi yathonje yotchenera, chenji n'kutsala. Muyang'ane kwa majuzi aamuna, koma samalani apa: juzi yosokedwa dala kuti ikhale yotakasuka imakhala yotambalala m'thupi, msoko wa phewa utatsikira pamkono, koma mikono yake ndi ya msinkhu wabwino. Yaamuna ya XL imakhala ndi mikono yaitali yobisa zala. Kupinda mikono kawiri kumatheka, koma musadalire kuti telala adula, chifukwa choluka ukachidula chimasosoka, ndipo si telala aliyense ali ndi makina omangira mphepete. Muikwezenso padzuwa kuti muone timabowo ta njenjete, makamaka yaubweya.

Za kuitanitsa pa intaneti kapena kwa ogulitsa pa Facebook ndi WhatsApp, pa chovala ngati ichi sindilimbikitsa. Chithunzi sichikuuzani kulemera kwa nsalu, ndipo kubweza katundu kumavuta.

Ngati mtima wakakamira pa ya m'sitolo yomweyo, ndipo yakhoza mayeso a khosi ndi mikono aja, dikirani. Masitolo a ku Manda Hill, East Park ndi Levy amatsitsa mitengo ya zovala zachisanu nyengo ikamatha, cha mu Ogasiti ndi Seputembala, kuti apeze malo a zovala za nyengo yotentha. Ubwino wa juzi yaikulu dala ndi wakuti saizi siivuta: ngakhale M itatha, S kapena L idzakukwanani. Mufunsenso ngati amalola kubweza, ndipo lisiti mulisunge mpaka mutatsimikiza kuti simuibweza.