Mwamaliza koleji koma m'nyumba mukuonekabe ngati ku hositelo: muyambire pati?

Funso la sabata ino labwera pa imelo kuchokera kwa mtsikana amene wangomaliza kumene koleji n'kuyamba ntchito. Akuti: "Ndapeza kanyumba ka lendi, kachipinda kamodzi ndi pabalaza. Katundu yense ndi wa kusukulu: matiresi pansi, mpando umodzi wapulasitiki, mabuku m'makatoni. Ndalama zogulira zonse pakamodzi ndilibe. Ndiyambire pati?"

Achemwali, kuchepa kwa ndalamako kukupulumutsani. Amene amathamangira seti yonse ndi malipiro oyamba nthawi zambiri amadzaza pabalaza ndi sofa yoti kudutsa n'kuchita chammbali, usiku n'kukagonabe pa matiresi wophwa uja. Gulani chimodzichimodzi, ndipo ndalama zambiri zipite pa zimene thupi lanu limakhalapo maola ambiri.

Koma choyamba kugula ndi tepi yoyezera. Yezani chipinda chilichonse, mazenera, ndiponso khomo. Makomo ambiri a m'nyumba ndi a masentimita pafupifupi 80 m'lifupi, ena kucheperapo, ndipo ngati pali masitepe kapena kanjira kokhota, yezaninso pokhoterapo. Sofa imakanika pakhomo galimoto yobweretsa itabwerera kale. Mukapeza chimene mwachikonda, lembani miyezo yake, mukayale nyuzipepala pansi molingana ndi kukula kwake, muziyenda mozilambalala masiku awiri. Njira yodutsa isachepere masentimita 75. Ikafika 90 ndiye bwino.

Tsono matiresi. Apa ndi pamene simuyenera kuumira. Wa anthu awiri amakhala pafupifupi masentimita 137 m'lifupi ndi 190 m'litali, koma miyezo imasiyanako malinga ndi opanga, choncho yezani matiresi ndi bedi pamodzi. Ngati ndi wa siponji, musanyengeke ndi kunenepa kwake kapena maluwa a pansalu. Funsani kulemera kwa siponjiyo pa kiyubiki mita. Ya makilogalamu 28 kupita m'mwamba ndiyo imapirira kugonedwa tsiku ndi tsiku. Yopepuka kwambiri imakumba dzenje pakati posakhalitsa, msana n'kuyamba kudandaula. Wogulitsa akamazemba funsoli, mwayankhidwa kale. Ndipo muchotseni pansi matiresiyo: thukuta la usiku limatsikira kunsi, likasowa mpweya pamachita nkhungu. Bedi la matabwa oyalidwa ndi lokwanira, bola mipata ya pakati pa matabwawo isapitirire masentimita 7, apo ayi siponji imalowa m'mipatamo n'kuwonongeka. Bedi lalikulu likhale ndi mtanda pakati wokhala ndi mwendo wake.

Chachiwiri si sofa ayi, ngakhale mtima ukufuna sofa. Ndi tebulo ndi mipando iwiri yolimba. M'nyumba yaing'ono tebulo limodzi la masentimita 120 m'litali ndi 75 m'lifupi limagwira ntchito ziwiri, kudyerapo ndi kuikapo kompyuta. Msinkhu wake ukhale masentimita 73 mpaka 75, pokhalira pa mpando 45. Mpata wa masentimita pafupifupi 30 pakati pa ziwirizi ndi umene umachititsa kuti mapewa asamatope.

Zimenezi mukhoza kugula zogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo kawirikawiri tebulo lakale la thabwa lenileni limaposa latsopano la chipboard. Chipboard ndi utuchi womatidwa ndi guluu: madzi akangolowa m'mphepete imafufuma osabwereranso, ndipo mukamasula n'kumanganso posamuka, zomangira zimangozungulira m'mabowo osagwira. Munthu wa lendi amasamuka, ndiye ganizirani zimenezo. Pogula zakale, gwedezani: mpando wolira m'mfundo ukufunika guluu, zomwe n'zosavuta. Koma mukaona timabowo ting'onoting'ono ndi kafumbi konga ufa pansi pake, muli tizilombo tofumbula matabwa, usiyeni. Matiresi wakale ndiye musayerekeze n'komwe. Pa sofa yakale, unikani ndi tochi ya foni m'misoko ndi kunsi; timadontho takuda ngati ta inki ndi chizindikiro cha nsikidzi, ndipo kuzichotsa m'nyumba kudzakudyerani zambiri kuposa zimene mwapulumutsa.

Sofa ikafika nthawi yake, ya anthu awiri, ya masentimita 150 mpaka 180, ikukwanirani. Inyamuleni kona imodzi: ikapindika miyendo ina ili pansi, mafupa ake ndi ofooka. Sankhani mtundu wosakuwa, wotuwa kapena wa khofi, ndi makushoni a zipi oti n'kuchapa nsalu. Mitundu yowala muiike pa timapilo, pakuti n'tosavuta kusintha mukatopa nato. Katebulo ka pakati katalikirane ndi sofa masentimita 40 mpaka 45.

Chimene chimasintha maonekedwe msanga pa ndalama zochepa ndi makatani ndi magetsi. Makatani ambiri amaoneka ngati nsalu yongoyanikidwa chifukwa ndi ochepa. Nsalu ikhale kawiri m'lifupi mwa zenera, ikachepa kwambiri kamodzi ndi theka. Ndodo yake ikwere masentimita 10 mpaka 15 pamwamba pa zenera, ituluke 15 mpaka 20 mbali iliyonse, ndipo katani itsike mpaka kutsala sentimita imodzi kuti ikhudze pansi. Chipinda chimaoneka chachitali, zenera lalikulu. Za magetsi, babu limodzi loyera mbuu kudenga ndilo limapangitsa pabalaza kuoneka ngati m'kalasi. Papaketi pamalembedwa nambala yotsatana ndi K: 2700 mpaka 3000 ndi kuwala kofunda koyenera pabalaza ndi kuchipinda, 4000 kumayenera kukhitchini. Babu la LED la mawati 9 limawala mofanana ndi lakale lija la mawati 60. Onjezani nyale imodzi pakona ndi ina pambali pa bedi.

Kapeti ikhale yaikulu moti miyendo yakutsogolo ya sofa iipondepo. Kakang'ono koyandama pakati kamachepetsa chipinda. Zithunzi anthu amazikweza mopitirira: pakati pa chithunzi pakhale masentimita 145 mpaka 150 kuchokera pansi. Satifiketi ya digiri ija ikuyenera fulemu, mapositala a guluu aja apume.

Musanakhome msomali kapena kupaka penti, funsani eninyumba, ndipo chilolezocho chikhale cholembedwa, ngakhale pa meseji, kuopa kudzakangana pa dipoziti potuluka. Akalola, lita imodzi ya penti imakwana pafupifupi masikweya mita 10 popaka kamodzi, ndipo mudzapaka kawiri. Pemphaninso zoboola khoma pamalo amodzi ofunika: mabuku a m'makatoni aja akakwera pa shelefu yaitali, imangiriridwe kukhoma chakumtunda ndi kachitsulo kokhota, mabuku olemera akhale m'munsi.