Tikufuna Kukonza Ulendo wa Njinga pa Boma

Funso: Ife akabaza a pa Mangochi Boma tikufuna kuyenda pagulu pa njinga, kukumbutsa madalaivala kuti msewu ndi wa tonse. Tiyambire pati? — Wowerenga, Mpondasi

Yankho: Akuluakulu, yambani ndi kalata kwa DC, ina kupolisi, kutatsala sabata. Mutchulemo tsiku, njira ndi chiwerengero chanu. Nyamukani 6 koloko m'mawa, dzuwa lisanayambe kuswa mtengo, aliyense ndi madzi malita 2. Pa mlatho wa Bakili Muluzi yendani mondondozana, kumanzere.

Dzulo lake onani mabuleki ndi tcheni. Matayala musapope mpaka gwa, chubu chimaphulika phula likatentha. Wina atsalire kumbuyo ndi pampu, zigamba, guluu ndi sipanala ya nambala 15. Chenjerani ndi mchenga wa m'mbali mwa msewu: tayala lakutsogolo likangotitimira, mwagwa basi.